Kusintha kwa tanthauzo la mawu: chitsanzo cha vapor ndi zombo za kuzilumba za Croatia

Chiyambi

Mwina zinakuchitikiranipo. Mukuphunzitsa za mawu obwereka, ndipo wophunzira wina akukweza dzanja: "Aphunzitsi, mwanena kuti mawu oti sitima anachokera ku mawu a Chingerezi oti *steamer*, chombo choyendera nthunzi. Nanga poti Ilala imayendera dizilo, bwanji timaitchulabe kuti sitima? Kumeneko si kulakwitsa?"

Yankho lomwe mungapereke pamenepa limakhala m'mutu mwa ophunzira nthawi yaitali. Mukanena kuti n'kulakwitsa koma tinangozolowera, mwawaphunzitsa kuti chiyankhulo chawo n'chopotoka, ndipo mawu enieni ali ndi eni ake kwina. Mukanena kuti asamafunse zotere, mwatseka khomo lomwe anali atalitsegula okha. Pali yankho labwino kuposa awiriwa, ndipo kuti tilipeze tipita kutali, kugombe la dziko la Croatia ku Ulaya. Tasankha chiyankhulo chachilendo mwadala. Mawu a kwathu timawadziwa kwambiri moti sitiona mmene akuyendera, pomwe mawu achilendo timawayang'ana mofatsa. Simukufunika kudziwa chiyankhulo cha ku Croatia kuti mutsatire. Dziwani chabe kuti m'kalembedwe kawo *j* amamveka ngati *y* wathu, *š* ngati *sh*, ndipo *č* ngati *tch*.

Dziko la zilumba ndi zombo zake

Croatia ili m'mbali mwa nyanja yamchere ya Adriatic, moyang'anizana ndi Italy. Kufupi ndi gombe lake kuli zilumba zoposa 1,000, zazikulu ndi zazing'ono, koma zokhalamo anthu chaka chonse zilipo pafupifupi 50. Zochepa chabe zili ndi milatho, monga Krk, chomwe chinalumikizidwa ndi mtunda mu 1980. Pa zina zonsezo, wodwala wopita kuchipatala chachikulu, mwana wa kusekondale, ufa wa buledi ndi makalata, zonse zimadalira chombo. Maulendo ambiri amayendetsedwa ndi kampani ya boma ya Jadrolinija, yomwe inakhazikitsidwa mu 1947 mumzinda wa Rijeka. Boma limathandiza ndi ndalama kuti zombo ziziyenda ngakhale m'nyengo yozizira pamene alendo kulibe, ndipo anthu okhala m'zilumba amalipira mtengo wotsika.

Mukatenga ndandanda ya maulendowa mupeza kuti zombo zinagawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi *trajekt*, chombo chachikulu chotseguka kutsogolo kapena kumbuyo, chomwe magalimoto amalowamo akuyenda okha. Amene munaolokapo Zambezi pa Kazungula mlatho usanatsegulidwe mu 2021 mukuidziwa ntchito imeneyi, ngakhale zombo za ku Adriatic ndi zazikulu ndiponso zam'mbali zazitali chifukwa cha mafunde. Gulu lachiwiri ndi *katamaran*, chombo chaliwiro cha mimba ziwiri, chonyamula anthu okhaokha. Kuchoka ku Split kupita kuchilumba cha Vis, *trajekt* imatenga maola oposa awiri, pomwe *katamaran* imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Koma ikaomba mphepo yamphamvu, kaya *bura* yozizira yochokera kumtunda kapena *jugo* yochokera kummwera, *katamaran* ndiyo imayamba kuimitsidwa. Gulu lachitatu ndi chombo wamba chonyamula anthu ndi katundu wa m'manja, choyenda pang'onopang'ono, choima padoko lililonse laling'ono. Pa ndandanda chimangotchedwa *brod*, kutanthauza chombo.

Gulu lachitatuli ndilo moyo wa tizilumba tating'ono. Kuchoka ku Dubrovnik, chombo chotere chimaima pa Koločep, pa Lopud, kenako pa Šipan. Kuchoka ku Šibenik chimaima pa Zlarin ndi pa Prvić chisanafike ku Vodice. Pa Koločep, Lopud, Zlarin ndi Prvić sipayenda magalimoto wamba, ndiye katundu akatsika amanyamulidwa pa wilibala kapena pa kangolo. Zina mwa zombo zomwe zagwira ntchitoyi ndi zakale ndithu. Tijat, yomwe inayenda zaka zambiri pakati pa Šibenik ndi Vodice, inapangidwa mu 1955.

Taonani vuto lomwe lilipo kwa womasulira. Mtanthauziramawu wamng'ono wa Chingerezi angathe kupereka mawu amodzi oti *ferry* pa zombo zitatu zonsezi. Ifenso m'Chichewa tingathe kungoti sitima. Koma mlendo wobwera ndi galimoto amene wauzidwa kuti "kuli sitima yopita kuchilumba" angafike padoko n'kupeza kuti ndi *katamaran*, ndipo galimoto yake ilibe polowera. Mawu oti *trajekt* ali ndi tanthauzo lake chifukwa akusiyana ndi *katamaran* komanso ndi *brod*. Kumasulira mawu amodzi osayang'ana anzake oyandikana nawo kumataya mbali ya tanthauzo yomwe munthu amaifuna kwambiri.

Mawu omwe sali pa ndandanda

Tsopano tsikani padoko la kachilumba kena m'chigawo cha Dalmatia, mumvetsere achikulire omwe akudikira. Ambiri satchula chombo chikubweracho kuti *brod*. Amati *vapor*. Mawuwa simuwapeza pa tikiti kapena pa chikwangwani cha kampani, koma ndi omwe ali pakamwa pa anthu.

Aphunzitsi a ku Mozambique mwawazindikira kale mawuwa, pakuti m'Chipwitikizi *vapor* ndi nthunzi. Gwero lake ndi Chilatini, koma ku Dalmatia anafika kudzera m'Chitaliyana, momwe *vapore* amatanthauza nthunzi komanso chombo choyendera nthunzi. Mbiri ya deralo ikufotokoza chifukwa chake. Zigawo zambiri za gombe la Dalmatia ndi zilumba zake zinalamulidwa ndi Venice kwa zaka mazanamazana mpaka mu 1797. Kenako, patadutsa zaka zochepa za ulamuliro wa France, zinakhala pansi pa Austria mpaka mu 1918. Nthawi yonseyi chiyankhulo cha panyanja, cha m'madoko ndi cha malonda chinali Chitaliyana cha ku Venice. Zombo zanthunzi zitayamba kuyenda m'mbali mwa gombeli m'zaka za m'ma 1830, zinkachokera ku Trieste, mzinda woyankhula Chitaliyana, ndipo zinali za kampani ya Austrian Lloyd. Chinthu chatsopano chinabwera ndi dzina lake, monga zimakhalira kulikonse.

Pa nthawiyo dzinali linkanena zoona. Anthu a m'zilumba anali ndi zombo zawo zamatanga ndi zopalasa, ndipo chomwe chinkasiyanitsa chombo chatsopanocho chinali utsi ndi nthunzi. Koma panali chinthu chinanso chomwe chinkachisiyanitsa, chomwe dzinalo silinkatchula. Chombo chamatanga chimanyamuka mphepo ikalola, pomwe *vapor* inkabwera pa tsiku loikika ndi ola loikika. Inkabweretsa makalata, nyuzipepala, mankhwala ndi alendo. Anthu ankasonkhana pa *riva*, bwalo la m'mphepete mwa doko, kudzaona yemwe watsika ndi yemwe wakwera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, tizilombo titawononga minda ya mpesa yomwe inali chuma cha zilumbazi, inali *vapor* yomweyo yomwe inanyamula anyamata ambiri pa chiyambi cha ulendo wawo wopita ku America, Chile, Australia ndi New Zealand. Ambiri anatchona komweko.

Kenako injini za dizilo zinalowa m'malo mwa nthunzi. Nthunzi inatha, koma chombo chinkabwerabe pa ola lake, ndi makalata ake, ndi anthu ake. Ntchito sinasinthe, ndiye dzinanso silinasinthe. Lero munthu wa ku Dalmatia akati *vapor* saganiza za nthunzi. Akunena za chombo chonyamula anthu chomwe chimabwera pa nthawi yake kudzalumikiza kwawo ndi kumtunda. Mbali ya tanthauzo yomwe poyamba inali yongotsatira ndiyo inakhala tanthauzo lenileni.

Ku Venice komweko zinachitikanso chimodzimodzi. Timaboti tonyamula anthu m'ngalande za mzindawo timatchedwa *vaporetto*. Kachidutswa ka kumapeto koti *-etto* kamachepetsa chinthu, monga *ka-* wathu, ndiye dzinali likufanana ndi kunena kuti kasitima. Toyamba tinayamba kuyenda mu 1881 ndi nthunzi. Ta masiku ano sitiyendera nthunzi, koma timatchedwabe ndi dzina lomweli.

Ngakhale brod sanali chombo

Mwina mukuganiza kuti zotere zimachitikira mawu obwereka okha, chifukwa obwereka sadziwa tanthauzo loyambirira. Tiyeni tione mawu enieni a chiyankhulocho, *brod*. Chiyankhulo cha ku Croatia chili m'banja limodzi ndi ziyankhulo za ku Russia, Poland ndi Czech Republic, monga Chichewa chilili m'banja limodzi ndi Chishona, Chibemba ndi Chizulu. M'ziyankhulo zinazo mawu omwewa amatanthauza malo osaya pamtsinje pomwe munthu angaoloke ndi miyendo. Limeneli ndilo tanthauzo lakale, ndipo linatsalira m'mayina a malo. Tauni ya Slavonski Brod ili m'mbali mwa mtsinje wa Sava, kutali ndi nyanja, ndipo dzina lake likunena za pooloka.

Kuchoka pa malo oolokera kufika pa chombo ndi ulendo wa mapazi ang'onoang'ono. Pooloka pamene madzi achuluka pamafunika bwato. Dzina la malo linasamukira ku bwato loolotsa anthu pamalopo, kenako linakula n'kufika pa chombo chilichonse, ngakhale chachikulu choyenda panyanja. Apa tanthauzo linasamuka, kenako linatambasuka.

Mawu oti *trajekt* anayenda njira yosiyana. Gwero lake ndi mawu a Chilatini otanthauza kuoloka, omwe alinso m'mayina a mizinda ya Utrecht ndi Maastricht ku Netherlands, yomwe inamangidwa pa malo oolokera mitsinje. Mwa gwero lake, chombo chilichonse choolotsa chikanayenera dzinali. Koma ku Croatia linaphatikana ndi zombo zonyamula magalimoto, zomwe zinayamba kuyenda pagombeli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo lero limanena za zimenezo. Apa tanthauzo linachepa. N'chifukwa chake anthu opalasa timabwato mumzinda wa Zadar, omwe kwa mibadwo yambiri akhala akuolotsa anthu pakamwa pa doko, mtunda wosakwana mamita 100, satchedwa ndi dzina limeneli. Iwo ndi *barkajoli*, kuchokera ku *barka*, bwato laling'ono, mawu omwe ndi achibale a *barco* wa Chipwitikizi.

Mawu atatu a padoko limodzi atisonyeza njira zitatu. *Vapor* anataya chizindikiro chomwe chinawapatsa dzina. *Brod* anasamuka n'kutambasuka. *Trajekt* anachepa. Palibe mwa mawu atatuwa omwe lero akutanthauza chomwe ankatanthauza pachiyambi, ndipo palibe amene amalakwitsa powagwiritsa ntchito.

Mawu a kusukulu ndi mawu a kunyumba

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe ikukukhudzani mwachindunji ngati mphunzitsi. Chiyankhulo chovomerezeka cha ku Croatia, cha m'mabuku ndi m'mayeso, chinakhazikika pa kayankhulidwe kosiyana ndi ka m'zilumba zambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1800, akatswiri monga Bogoslav Šulek anayesetsa kupanga mawu kuchokera m'masinde a chiyankhulo chawo m'malo mobwereka ku Chijeremani ndi Chitaliyana. Chombo chanthunzi m'chiyankhulo chovomerezeka ndi *parobrod*, kuchokera ku *para*, nthunzi, ndi *brod*. Motero mwana wa pachilumba amamva *vapor* kwa agogo ake, koma m'buku amapeza *parobrod*.

Mphunzitsi wofulumira angathe kulemba pabolodi kuti *vapor* ndi mawu a kumudzi ndipo mawu olondola ndi *parobrod*. Akatero walakwa pawiri. Choyamba, mawu awiriwa sakufanananso tanthauzo. Mu *parobrod* nthunzi ikumvekabe, chifukwa aliyense amadziwa kuti *para* n'chiyani, ndiye dzinali limangoyenera chombo chanthunzi chenicheni, cha m'mbiri yakale. Chombo cha dizilo chomwe mwanayo anakwera m'mawa si *parobrod*, koma ndi *vapor*. Chachiwiri, wauza mwanayo kuti mawu omwe makolo ake amatchulira chinthu chofunika kwambiri pamudzi pawo ndi achabechabe. Mwana wotere amaphunzira kukhala chete m'kalasi.

Mphunzitsi wosamala amaika mawu onse pabolodi n'kufunsa kuti aliwonse amanenedwa ndi yani, kwa yani, ndiponso kuti. Polemba kalata kukampani ya zombo mwanayo alembe *brod*. Pocheza ndi agogo pa *riva* anene *vapor*. Wadziwa mawu onse awiri ndi malo ake, ndipo sanataye kanthu. Ambiri mwa inu mumaphunzitsa ana omwe kayankhulidwe ka kwawo kakusiyana ndi ka m'buku, kaya ku Chipata, ku Tete, ku Lichinga, ku Harare kapena ku Nsanje. Vuto la mphunzitsi wa pachilumba cha ku Dalmatia ndi lanu lomwe.

Kubwerera ku sitima

Tsopano funso la wophunzira uja lili ndi yankho. Ilala yoyamba inafika pa nyanja ya Malawi mu 1875, itabwera ndi amishoni a Livingstonia, ndipo inalidi yoyendera nthunzi. Dzina lake linatengedwa ku dera la Ilala, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, komwe David Livingstone anamwalirira mu 1873. Ilala ya masiku ano inapangidwa ku Scotland, inayamba ntchito mu 1951, ndipo imayendera dizilo. Kwa anthu a pa Likoma ndi pa Chizumulu yakhala ikugwira ntchito yomwe *vapor* imagwira ku Zlarin, yobweretsa ufa, makalata ndi abale pa tsiku lodziwika. Dzina loti sitima linatsalira pa ntchito, osati pa nthunzi.

M'chigawo chathu mawu omwewa anayenda njira zingapo. M'Chichewa anatambasuka n'kukwanira zinthu ziwiri, moti timachita kuonjezera kuti sitima ya pamadzi kapena sitima ya pamtunda. M'Chizulu *isitimela* ndi ya panjanji, chimodzimodzinso *chitima* m'Chishona. M'Chiswahili cha ku Kenya *stima* ndi magetsi. Gwero ndi limodzi, nthunzi ya m'Chingerezi, koma mtundu uliwonse unawaika mawuwo pa chinthu chomwe chinasintha moyo wake. Ndipo monga *vapor* imakumbutsa za omwe anapita ku Chile osabwerera, sitima ya pamtunda imakumbutsa mabanja ambiri a kuno za abambo omwe anapita kumigodi ya ku Joni. Zimenezi mtanthauziramawu salemba, koma eni chiyankhulo amazimva.

Choncho wophunzira uja mungamuyankhe motere: gwero la mawu limatiuza komwe mawuwo anachokera, koma tanthauzo lake limapezeka m'mene anthu akuwagwiritsira ntchito lero.

Zoti muchite m'kalasi

Pophunzitsa mawu aliwonse otchula chinthu, kaya m'Chichewa, m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, zoloweretsani ophunzira kufunsa mafunso atatu.

Loyamba: kodi mawuwa akusiyana ndi ati? Musaphunzitse sitima payokha. Ikani pamodzi bwato, boti, ngalawa, chombo ndi sitima, ndipo ophunzira anene chomwe chikusiyanitsa chilichonse: kukula, chopangira, choyendetsera, chonyamula. Ana a kunyanja adzakuuzani zambiri zomwe inu simukuzidziwa, ndipo mudzapeza kuti madera amasiyana. Lembani kusiyanako m'malo mokufafaniza.

Lachiwiri: kodi mawuwa anachokera kuti, ndipo asintha bwanji? Funsoli limakondweretsa ophunzira, koma samalani kuti gwero lisasanduke chikwapu chokwapulira tanthauzo la lero. Ndiponso ngati gwero la mawu simukulidziwa bwino, musalipeke. Mawu awiri angathe kumveka mofanana popanda ubale uliwonse.

Lachitatu: kodi mawuwa amanenedwa ndi yani, kwa yani, pamalo otani? Apa ndi pomwe mawu a kunyumba ndi a m'buku amapeza malo awo popanda kulimbana.

Ntchito

1. Fotokozani m'mawu anuanu chifukwa chomwe *vapor* ndi *parobrod* sakufanana tanthauzo masiku ano, ngakhale onse anayamba ndi nthunzi.

2. M'mawu oti galimoto muli moto. Kodi galimoto yoyendera magetsi tiitchule chiyani? Konzani mmene mungatsogolere zokambirana za mphindi khumi pa funsoli m'kalasi lanu.

3. Funsani achikulire awiri a m'dera lanu kuti mawu oti lamya ankatchula chiyani iwo ali ana. Yerekezani ndi mmene achinyamata amatchulira foni lero. Kodi tanthauzo linasamuka, linatambasuka kapena linachepa?

4. Sonkhanitsani mawu asanu omwe ophunzira anu amagwiritsa ntchito kunyumba koma sali m'buku lanu. Pa mawu aliwonse lembani anzake a m'buku, ndipo onetsani ngati akufananadi tanthauzo. Bweretsani zomwe mwapeza ku msonkhano wotsatira wa gulu lanu, kuti muyerekeze ndi za anzanu a m'mayiko ena.